Wani wa Achemwali a Lizzie

Ndiyambe ndanena kuti ine si wamiseche. Ndimangomva zinthu, ndiye zikalowa m'khutu zimafuna potulukira. Mnzanga Rejoice amati pakamwa panga pali ngati chitseko cha basi, pamatseguka pa siteji iliyonse. Koma mumufunse kuti amakwera ndani pa masitejiwo. Ndi iye yemweyo, tsiku ndi tsiku.

Ine ndine Mtisunge, ndili ndi zaka fifitini, ndipo ine ndi amayi tili ku Wakefield, kudziko la azungu kuno, chaka chachinayi. Ku Zomba ndinalekezera Sitandade 5, ndiye Chichewa changa chikapendama penapake musandiseke. Nyumba yathu ndi imodzi mwa zija zomatana mumzere, moti aneba akayetsemula ife timamva. Ili ndi zipinda zogona ziwiri, cha amayi ndi changa. Ndati changa. Chinali changa ndekha mpaka mwezi wa Okutobala, pamene achemwali a Lizzie anatsika ndege ndi masutikesi awiri onunkhira usipa.

Achemwali a Lizzie ndi mwana wa amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Ali ndi zaka twente folo. Kusukulu ndinauza anzanga kuti kwathu kwabwera kazeni, ndipo amayi atamva anangoti ndi maso tong'o.

"Kazeni ndani? Mwana wa achemwali anga ndi mwana wanga. Ameneyu ndi mkulu wako, woyamba kubadwa m'nyumba muno."

Mwamva? Ine amene ndinali ndekhandekha, ndinagona ndili woyamba n'kudzuka ndili wachiwiri.

Bedi lawo analiika pomwe ndinkavinira. Mabuku awo anadzaza desiki yanga. Mashelefu awiri a wadirobu anapita. Zimenezo ndikanapirira. Koma nthutumba, abale! Chifikireni kuno, nkhuku ikaphikidwa nthutumba inali yanga, palibe ankafunsa. Lamulungu loyamba lomwelo ndinaiona ikuchoka mumphika, kundidutsa pamphuno, n'kukatera m'mbale ya achemwali. Kenako awiriwo anayamba kucheza za anthu a ku Chinamwali amene ine sindikuwakumbukira, kuseka mpaka kugwirana mapewa. Ndikafunsa kuti ndani ameneyo, amayi ankati, "Aaa, iwe unali mwana." N'kupitiriza kuseka.

Ndipo kulikonse, Lizzie. Pa foni, Lizzie. Kutchalitchi, Lizzie. "Lizzie wanga ndi mutu. Lizzie wanga anayamba sukulu ya unesi kwathu, anangoisiya chifukwa mayi ake anadwala. Lizzie wanga amawerenga m'basi." Ine ndikawerenga m'basi ndimachita nseru, ndilakwa chiyani?

Achemwali ankagwira ntchito limodzi ndi amayi, kunyumba yosamalira okalamba, koma mtima wawo unali kwina. Ankafuna kukhala nesi wa ogonetsa odwala, aja amakhala kumutu kwa munthu m'chipinda cha opaleshoni, kuthandiza adokotala kumugonetsa ndi kuyang'anira kuti akupuma bwino mpaka adzuke. Chipatala china cha kufupi kuno chinalengeza kuti chitenga anthu atatu okha n'kuwaphunzitsa ntchitoyo. Zofunika zake achemwali anazilemba papepala n'kumata pa filiji. Giredi 4 kupita m'mwamba pa masamu, sayansi ndi Chingerezi. Seveni pa mayeso a Chingerezi aja amalemba anthu ochokera kunja. Ndi kalata ya munthu wogwira kale ntchito m'chipatala, wonena kuti amakudziwa. Fomu yofunsira malowo inkatsekedwa Lachisanu lomaliza la Febuluwale.

Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinamva amayi akufotokozera munthu pa foni.

"Akamutenga, akhala nafe zaka zitatu. Akapanda kumutenga, abwana athu ali ndi nyumba ina ya okalamba ku Bolton, akuti akamupatsa ntchito ndi chipinda komweko. Koma Mulungu asalole."

Zaka zitatu! Ndinawerengera pa zala zothovu. Ndikanadzakhala ndi zaka eyitini ndikuvinirabe mubafa. Ndinati chamumtima, Ambuye, mwamva pemphero la amayi, koma mumverenso mbali inayi.

Tsopano ndikuuzeni kanthu kena, koma musandiweruze msanga. Kusukulu kuno magiredi amayenda chonchi: naini ndiye pamwamba, folo ndi kungodutsa, wani ndi pansi penipeni. Mu Disembala lipoti langa linabwera pa foni ya amayi. Masamu 2, sayansi 3, Chingerezi 3. Ndinakonzeka kale kulira. Amayi, amene misonkhano ya makolo amaiphonya chifukwa cha mashifiti, anayang'ana foni, anayang'ana ine, kenako anaimba nthungululu mpaka galu wa aneba anauwa.

"Thu pa masamu! Mwana wanga ine! Thu!"

Anatumiza uthenga wa mawu kwa abale onse ku Zomba. Tsiku limenelo nthutumba inabwerera kwa mwini wake. Ine ndinangoti amayi sadziwa za sukulu, ndipo ndine ndani kuti ndiwasokonezere chimwemwe? Achemwali anasuzumira pa foniyo, kenako anandiyang'anitsitsa. Titalowa kuchipinda ndi pomwe anati, "Mtisu, Loweruka tizichitako masamu limodzi."

"Zikomo, ndimakhoza kale," ndinatero. Ndinaona ngati akungofuna kuti amayi azitinso Lizzie wanga ndi mphunzitsi.

Loweruka lina, patatsala masiku asanu ndi limodzi kuti fomu itsekedwe, achemwali ankathamangira shifiti ya m'mawa. Anandisiyira envelopu pabedi.

"Mtisu, kamera ya foni yanga inasweka. Undijambulireko mapepala atatuwa, unditumizire. Chonde asapindike."

Atatseka chitseko ndinatsegula. Pepala loyamba linali satifiketi ya Fomu 4 ya kwathu, yachikasu m'mbali chifukwa chosungidwa nthawi yaitali. Ndinayamba kuwerenga, ndipo mtima unayamba kuvina.

Masamu 1. Sayansi 2. Bayoloje 2. Chingerezi 2. Jogalafe 2. Chichewa 3.

Ndinawerenganso. Ndinapita nalo pawindo. Wani! Wani pa masamu! Ine ndi thu wangayo ndinali katswiri. Mutu uja, mutu wowerenga m'basi uja, unalibe ngakhale folo m'modzi. Ndiye ndinamvetsa zonse, kapena ndinene kuti ndinkaganiza choncho: munthu amene anaimbira nthungululu thu wanga, akanalephera bwanji kupusitsidwa ndi wani?

Pepala lachiwiri linali la mayeso a Chingerezi aja. Seveni ndi theka. Ndinati eee, munthu wa thu kusukulu apeza bwanji seveni ndi theka? Lachitatu linali ndi chidindo ndi timalemba ting'onoting'ono todzaza tsamba lonse. Limenelo ndinangojambula osawerenga. Ndani amawerenga timalemba ting'onoting'ono Loweruka?

Ndinawatumizira zithunzizo, koma pa foni yanga sindinafufute.

Tchalitchi chathu chimakumana mu holo yobwereka, kuseri kwa sitolo ya makapeti. Mapemphero akatha azimayi amapanga tiyi, ife atsikana timasanja mipando. Ndinapirira ulaliki wonse, nkhani ikundiyabwa pakhosi. Titafika kuseri kwa mulu wa mipando ndinamukoka Rejoice. Iye anabadwira konkuno, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndiye zonena zake ndikumasulirani ndine.

"Ndikuuze chinthu, koma usauze munthu."

"Ndinayamba ndauzapo munthu ine?"

"Achemwali a Lizzie aja. Masamu wani."

"Bodza!"

"Ndaona ndi maso angawa. Wani, thu, thu, thu. Folo palibe."

"Wani? Wani amapatsa munthu amene wangolemba dzina lake basi! Ndiye akufuna kukagonetsa anthu? Adzaika mankhwala a njovu mwa mwana!"

Tinaseka mpaka mpando umodzi unagwa. Pamenepo ndikanasiya. Koma mukudziwa mmene zimakhalira munthu akamakumvetsera maso ali pa iwe. Ndinawonjezera.

"Koma mayeso a Chingerezi akuti seveni ndi theka. Kaya analemba ndani."

Sindinanene kuti anawalembera munthu. Ndinangoti kaya. Kaya ndi mlandu?

Rejoice sanauze munthu. Anangouza amayi ake, m'galimoto, ndipo manambala anawasiya panjira, anangoti Lizzie analephera mayeso onse. Amayi ake a Rejoice nawonso sanauze munthu, anangopempha amayi awiri kuti aikumbukire nkhaniyo m'mapemphero. Pofika Lolemba madzulo inali itakula, itavala nsapato, ikuyenda yokha: mtsikana wa kwa mayi a Mtisunge anagula mapepala.

Ndipo inakafika kwa anti Agatha.

Anti Agatha ndi nesi wa m'chipinda cha opaleshoni, zaka eyitini ali pantchito, komanso ndi mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu. Amavala magalasi a chingwe ndipo akakuyang'ana pamwamba pa magalasiwo umakumbukira machimo a chaka chatha. Ndi amene analonjeza kulemba kalata ija. Aliyense amadziwa kuti kale analemberapo munthu wina kalata, kenako zinadziwika kuti mapepala ake anali abodza, ndipo anti anaitanidwa kuofesi kukayankha. Kuyambira pamenepo dzina lawo saliika paliponse.

Lachiwiri madzulo, tikudya, foni ya achemwali inalira kamodzi, uthenga wochokera kwa anti Agatha. Anawerenga, anaiika pathebulo mwakachetechete. Amayi anaitenga n'kuwerenga mokweza.

"Lizzie, pepani, kalata ija sinditha kulemba. Tidzakambirana tikadzaonana."

"Chifukwa chiyani?" amayi anafunsa. Anaimba foni, anti sanayankhe. Anaimbanso. Anaimbira amayi ena awiri, onse ankangoti, "Iii, ife sitikudziwa, koma tikupemphera." Achitatu ndi amene anaulula zomwe zinkanenedwa. Amayi anakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula ngati pamaliro.

Ine ndinkayang'ana mpunga wanga.

Achemwali sanalire. Bola akanalira. Anakwera kuchipinda, ndipo nditalowa ndinapeza atatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, akupinda mayunifolomu. Desiki inali mbee, mabuku onse ali m'katoni.

"Munthu wina wa kuchipatala sindikumudziwa, ndipo masiku atsala atatu," anatero, osandiyang'ana. "Desiki yako iyo, Mtisu. Ndakupanikiza nthawi yaitali."

Ndinayang'ana pomwe panali bedi lawo, ndikuyeza ndi maso malo ovinira. Zinali zomwe ndinapempha. Koma sindinavine.

Ndiye mukuganiza kuti amayi anabwerera kwa ine? Ha! Zinafika poipa. Lachitatu lonse anali pa achemwali, kuwasisita kumsana, kuwaphikira phala la mkaka ngati odwala, kuwatchula mwana wanga, mwana wanga. Ine ndinabwera kusukulu nditanyowa ndi mvula mpaka m'masokosi, palibe anandifunsa. Ndinaima pakhomo ndikudontha madzi, ndikuganiza kuti munthu wa wani akumuchita chonchi, akanakhala wa naini bwenzi akumubereka kumbuyo.

Amayi a kutchalitchi kwathu amapemphera Lachinayi lililonse, faifi koloko, nyumba zimasinthana. Sabata imeneyo inali yathu. Ndinawapempha amayi anga kuti ndipite ku laibulale. Anati, "Tiyi apanga ndani?"

Anabwera asanu ndi atatu. Nsapato zinadzaza m'kanjira kolowera, majekete onyowa anaunjikana pa masitepe. Anti Agatha anakhala pampando wa pawindo. Achemwali anakhala pansi pakona, atavala chitenje. Ine ndi Rejoice, amene anabwera ndi amayi ake, tinali kukhitchini, khutu lili pachitseko.

Itafika nthawi ya mapemphero, amayi anga anayamba. Sanatchule dzina la munthu, koma anapempherera malilime. Malilime aatali, malilime oyenda opanda tikiti, malilime odya tiyi wa m'nyumba mwako n'kukalavulira panja. Anapempha Ambuye kuti awaulule eni ake masana dzuwa likuswa mtengo, ngakhale kunja kunali mvula. Ma ameni ankamveka ochepa.

Atatha, ndinamva mawu a anti Agatha.

"Mayi a Mtisunge, pemphero lamveka, ndipo lina landikhudza ine. Tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Ine ndamva kuti mapepala a mwanayu sali bwino. Dzina langa ndinaliyikapo kale pa zinthu zotere, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya ntchito."

"Munamva kwa ndani?"

Apa ndiye panayamba mpira. Anti anatchula mayi wina, mayiyo anati iye anangopemphedwa kupemphera, n'kuloza amayi ake a Rejoice. Amayi ake a Rejoice anati, "Ine ndinamva kwa mwana, mwana sanganame. Rejoice! Tabwera kuno!"

Ndinamugwira juzi. "Unalonjeza."

Anatsegula chitseko, ndipo asanafunsidwe n'komwe, chala chake chinali chitaloza kale kumbuyo. Mnzanga wapamtima ameneyo.

"Mtisunge?" amayi anatero. Mawu awo anali aang'ono, sindinawamvepo choncho.

Ndinalowa ndi thireyi ya makapu m'manja. Ndinagwada n'kuiika pathebulo. Maso sikisitini, kuphatikizapo a magalasi aja, onse pa ine. Achemwali okha ndi amene ankayang'ana pansi.

"Mtsikana iwe," anatero anti Agatha, "unamva kapena unaona?"

Pamenepo ndinaganiza kuti ngati ndikumira, ndimire ndi umboni. Ndiponso, kunena zoona, kamtima kena kanali kakudikira tsiku limeneli kuyambira Okutobala.

"Ndinaona, anti. Ndili nazo pa foni. Amayi samadziwa za magiredi, n'chifukwa chake akunamizidwa. Fomu ikufuna folo kupita m'mwamba. Achemwali alibe folo ngakhale m'modzi." Ndinakweza mawu kuti a pakona amve. "Sayansi thu. Bayoloje thu. Chingerezi thu. Masamu wani!"

Ndinadikira kuti anthu agwire pakamwa. Anagwiradi, koma mwa mtundu wina.

"Wati masamu chiyani?" anafunsa mayi wina.

"Wani."

"Wa Fomu 4? Wa kwathu?"

Anti Agatha anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni. Anakweza magalasi, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, milomo ikuyenda ngati akuwonkhetsa.

"Lizzie, mapointi thwelofu?"

"Eya, anti," achemwali anayankha chapansipansi.

"Thwelofu!" Mayi wa pafupi ndi chitseko anamenya m'manja. "Ine ndinapeza sate eyiti, bambo anga anapha mbuzi!"

Nthungululu inaphulika, galu wa aneba anayambanso. Ine ndinali chigwadire, osamvetsa kuti anthu akuluakulu asanu ndi atatu angapenge bwanji nthawi imodzi.

"Mtisunge," anatero anti phokoso litachepa, "kwathu wani ndiye pamwamba. Wani ndi thu ndi kukhoza mwapamwamba kwambiri. Naini ndiye kulephera. Ku pulayimale kuja, amene ankakhala nambala wani m'kalasi ankakhala mbuli?"

Ndinakumbukira bwalo la sukulu ku Zomba, tsiku lotsekera, ahedi akuitana nambala wani anthu n'kumuombera m'manja. Ndinali nditaiwaliratu.

Anti anasuntha chithunzi n'kufika pa pepala lachitatu lija, la timalemba ting'onoting'ono. "Ndipo ili ndi la ofesi yofananitsa mapepala a kunja ndi a kuno. Likunena zomwezo, m'Chingerezi chomwe umachidziwacho. Unalijambula wekha. Sunawerenge?"

"Linali lalitali, anti."

Wina anaseka, koma anti sanaseke. Anavula magalasi n'kutembenukira pakona.

"Lizzie, mwana wanga, wolakwa wamkulu pano si kamtsikanaka. Ndine. Ndinamvera za m'khutu osapempha kuona pepala. Undikhululukire. Mayi a Mtisunge, muli ndi laputopu m'nyumba muno? Kalata ilembedwe pompano, amayi onsewa akhale mboni."

Achemwali ndi pomwe analira. Anadzuka kukatenga laputopu, ndipo podutsa pafupi nane ndinaganiza kuti andiponda chala, ine ndikanatero. Anangondidutsa.

Ndinayamba kubwerera chammbuyo, pang'onopang'ono, kulunjika kukhitchini. Ndinatsala pang'ono kufika pachitseko.

"Tadikirani kaye."

Anali amayi. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akuyesa kukumbukira ngati anazimitsa chitofu.

"Anti, mwati kwathu wani ndiye pamwamba. Zimenezo ndikudziwa. Ndiye mwanayu amaona ngati wani ndi kulephera chifukwa chiyani?"

"Chifukwa kuno n'zotembenuza. Naini ndiye pamwamba."

"Kuno. Kusukulu za kuno." Amayi anasendera pafupi ndi anti. "Nanga thu?"

Onse anaweramira makapu awo. Mvula inkamveka pawindo.

"Ndikufunsa. Thu wa kuno, pa masamu, ndi chiyani?"

"Ndi kulephera, mayi," anatero anti mofatsa.

Amayi ananditembenukira pang'onopang'ono. "Ndinatumiza uthenga ku Zomba. Agogo ako anakapereka umboni kutchalitchi. Amalume ako anauza ana awo kuti atengere chitsanzo kwa iwe." Kenako anayang'ana achemwali, amene anali pamasitepe ndi laputopu. "Iwenso unkadziwa?"

"Ndinkafuna tikonze kaye, amayi, kenako adzakuuzeni yekha."

Kuyambira Disembala ankadziwa. Mawu amodzi okha akanandimaliza, tsiku lililonse, ndipo sananene. Ndinene zoona, zimenezo zinandipweteka kuposa zonse. Munthu angakhale wabwino mpaka kukunyansa.

Chinandipulumutsa pang'ono ndi amayi ake a Rejoice. Anakuwa mwadzidzidzi, atagwira kumutu.

"Mayo ine! Ndiye eyiti? Rejoice anabwera ndi eyiti pa sayansi, ndinamulanda foni mwezi wathunthu! Akulu ake ankabwera ndi ma A ndi ma C, zamanambalazi ndinkawerenga zakwathu!"

"Ndinkaganiza kuti mukufuna naini," anatero Rejoice.

Nyumba yonse inagwa ndi kuseka, ngakhale anti anapukuta misozi ndi chingwe cha magalasi. Amayi okha ndi amene sanaseke. Alendo atapita anandiuza kuti ndiimirire pakati pa balaza, anandipatsa foni yawo, n'kuti ndijambule ndekha uthenga wa mawu wopita ku Zomba, wofotokoza kuti thu ndi chiyani ndiponso zomwe ndinawachita achemwali anga. Ndinajambula kanayi. Katatu koyamba anati sindikumveka kulapa.

Kalata inapita Lachinayi lomwelo, fomu inalowa Lachisanu m'mawa. Patatha milungu itatu achemwali anaitanidwa kukafunsidwa mafunso, anavala jekete la anti Agatha, ndipo mu Epulo yankho linabwera. Mwa anthu atatu aja, m'modzi ndi iwo. Sutikesi inabwerera pamwamba pa wadirobu. Mabuku anabwerera pa desiki, ndipo abwera ndi anzawo, akuluakulu, a zithunzi za mapapo ndi mapaipi olowetsa kukhosi. Zaka zitatu zija zayamba kuwerengedwa.

Kupepesa ndinapepesa, musaganize kuti ndine chinyama. Ndinanena ndili chogona, nditayang'ana kukhoma. Achemwali anangoti, "Ndamva. Loweruka naini koloko, ubwere ndi pensulo." Ndiye Loweruka lililonse, anzanga ali m'tauni, ine ndimakhala pa desiki yanga yomwe, kumbali kwenikweni, ndikuphunzitsidwa mafulakishoni ndi munthu wa wani. Choipa kwambiri n'chakuti amaphunzitsa bwino. Mayeso apitawa ndinapeza fili, ndipo amayi asanatsegule pakamwa anayamba ayang'ana achemwali kuti adziwe ngati aimbe nthungululu kapena ayi.

Lamulungu lapitali kunali nkhuku. Nthutumba inandidutsanso pamphuno. Achemwali anaiyang'ana, anatenga mpeni, anaidula pakati n'kuika chidutswa chimodzi m'mbale mwanga. Amayi anati, "Waona mtima wa mkulu wako?"

Ndinaona. Ndinaonanso kuti chidutswa chawo chinali chachikulu.